MWANA WANU AKAPITA KUNYANJA NDI SUKULU

Nkhani yokambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a m'boma la Mwanza

   Lero sindikamba za fetereza kapena za mtengo wa manachesi. Ndikamba za kalata imodzi imene ana athu amabwera nayo kuchokera ku sukulu, ndi za mafunso amene kholo liyenera kufunsa lisanalembe dzina lake kapena kudinda chala pa kalatayo.

Kalatayo mumaidziwa. Imanena kuti ana a kalasi yakuti adzapita kunyanja kukaphunzira, ku Mangochi, ku Monkey Bay kapena ku Cape Maclear, ndipo kholo lipereke ndalama zakuti ndi kusonyeza kuti labvomera. Mwana sagona ndi chimwemwe. Bambo atsitsa madengu a manachesi kumseu kuti ndalama ipezeke, mai akazinga nkhuku ndi kuphika mbatata ya kamba. M'mamawa basi inyamuka, idutsa pa Zalewa, ipyola Balaka ndi Liwonde, ndipo dzuwa lisanalowe mwana wanu ali kuona madzi amene tsidya lake silioneka.

Ine sindiri kukuuzani kuti muwaletse ana. Iai. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ku Cape Maclear kuli malo osungira zachilengedwe amene Boma linawapatula mu 1980, ndipo m'madzi ake muli tinsomba ta mbuna ta mawanga-mawanga timene sitipezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi. Ku Monkey Bay kuli doko la sitima ndi sukulu yophunzitsa oyendetsa sitima. Mwana woona zimenezi ndi maso ake amabwera ndi nzeru zimene bolodi silingathe kumpatsa. Koma mwana wa ku Mwanza ndi mwana wa kumapiri. Madzi amene amawadziwa ndi a mtsinje wa Mwanza ndi a Mkulumadzi, ndipo ngakhale amene amati adziwa kusambira anaphunzirira pa dziwe limene akatopa amagwira mwala. Nyanja siri choncho. M'litali mwake iri ndi makilomita pafupi 580, ndiye ngati kuyenda ulendo wa kuchokera pa boma la Mwanza kukafika ku Blantyre kasanu ndi kupitirirapo, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika mamita 700. Chifukwa chake tamverani.

MWERA NDI SITIMA YA VIPYA

Choyamba kuchidziwa ndi mphepo. Nyengo yozizira, kuyambira mu May kufikira mu August kapena September, panyanja pamaomba mphepo ya kummwera imene eni ake amaitcha mwera. Ndi nyengo yomweyo imene ife timaona chiperoni kumapiri kuno. Mwera umatsata nyanja m'litali mwake, motero mafunde amanka nakula pamene ali kupita kumpoto. M'mawa madzi angathe kukhala bata ngati a m'mbale, koma pofika masana boti liri kukwera ndi kutsika ngati mwana pamsana pa mai wothamanga.

Tsono taonani. Nyengo imene manachesi apsa ndipo mlimi wa ku Mwanza ali ndi ndalama m'thumba ndiyo nyengo ya mwera. Chaka cha sukulu chimathanso mu July, ndipo ndi pamenepo pamene aphunzitsi amafuna kuwayendetsa ana. Zinthu zitatuzi zimagwa pamodzi.

Akulu ena a m'midzi mwathu anamva kwa makolo ao za Vipya. Iyi inali sitima yatsopano yonyamula anthu ndi katundu, yopangidwa ku Scotland, ndipo inali itangoyenda maulendo owerengeka. Pa 30 July 1946 inanyamuka ku Mbamba Bay, tsidya la Tanganyika, kuolokera ku Florence Bay, kumene lero timati ku Chitimba. Panyanja panali mphepo yaikulu. Isanafike kumtunda sitimayo inagubuduzika nimira, ndipo anthu 145 anafa tsiku limodzi. Panyanja yathu sipanachitikenso ngozi ya sitima yoposa imeneyo. Ilala, imene yanyamula anthu zaka zoposa 70, inayamba nchito mu 1951 kulowa m'malo mwake.

Ngati mphepo ya July inamiza sitima yachitsulo yokhala ndi injini ndi amalinyero ophunzira, nanga kaboti ka matabwa kodzaza ndi ana? A zanyengo amachenjeza pa wailesi masiku amene mwera uli kudza. Mphunzitsi wotsogolera ulendo ayenera kumvera chenjezo limenelo, ndi kufunsanso asodzi a pamalopo. Msodzi akakana kulowa m'madzi, mlendo asalowe.

SITIMA ZIWIRI ZA ANA A SUKULU

M'maiko ena muli sukulu zimene ana amaphunzira ali pa sitima, kuyenda miyezi yambiri pa nyanja ya mchere. Ndikusimbirani za sitima ziwiri zimene zinanyamula ana a sukulu, chifukwa imodzi ana ake onse anapulumuka, ndipo inzake ana ambiri anafa.

Yoyamba inali Concordia, sitima ya matanga ya sukulu ya ku Canada yotchedwa Class Afloat. Mu February 2010 inanyamuka ku Recife m'dziko la Brazil kupita ku Montevideo m'dziko la Uruguay. Munali anthu 64: ophunzira 48, aphunzitsi 8 ndi amalinyero 8. Pa 17 February, masana, iri pa mtunda woposa makilomita 500 kuchokera ku Rio de Janeiro, mphepo inadza mwadzidzidzi nikankha matanga, sitima inagona cham'mbali, ndipo madzi analowa. Mkati mwa mphindi ngati 20 inali itamira. Ofufuza a Boma la Canada anapeza kuti zitseko ndi malo ena olowera mpweya zinali zosatseka pamene mphepo inali kuyandikira, ndipo ndimo madzi anadzera.

Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anafa. Chifukwa ninji? Anawo anali ataphunzitsidwa kale, ndi kuyesezera kambiri, chochita sitima ikamamira. Ali yense anadziwa malo okasonkhana ndi kabvalidwe ka zoyandamitsa. Anakwera m'timaboti topopa mpweya, akulu nawerenga mitu. Anakhala m'timabotimo maola ngati 40, masiku awiri osakwanira, ali kunyowa, kusanza ndi kukapa madzi, kufikira ndege inawaona ndipo sitima ziwiri zonyamula katundu zinadza kudzawatola. Chithandizo chinachedwa, ndipo chimodzi cha zifukwa zake chinali chaching'ono: nambala ya lamya imene inalembedwa kuti aimbe pakagwa ngozi inali yakale, yosagwiranso nchito. Mukumbukire kanthu kameneka, tikabwereranso.

Yachiwiri inali Sewol, sitima yonyamula anthu ya ku South Korea. Pa 16 April 2014 inali pa ulendo wochokera ku Incheon kupita ku chisumbu cha Jeju, itanyamula anthu 476. Mwa iwo 325 anali ana a sukulu ya sekondale ya Danwon, opita ku ulendo wokaphunzira monga ana athuwa. Sitimayo inasenza katundu wopitirira muyeso wake, ndipo sanamangidwe bwino. Pokhota, katundu anatsetserekera mbali imodzi, sitima nipendekeka. Pamenepo mau anamveka kambiri pa zimkuzamau kuuza anthu kuti akhale pomwe alipo, asasunthe. Ana anamvera, nakhala m'zipinda zao atabvala majekete, kudikira. Kaputeni anatuluka napulumuka anthu akali mkati. Anafa anthu 304, ndipo 250 mwa iwo anali ana a sukulu ija. Kaputeniyo anaweruzidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse, koma chiweruzo sichinabwezere kholo liri lonse mwana wake.

Mlimi ali yense adziwa chimene ngolo imachita matumba akaunjikana mbali imodzi pa chitunda. Boti nalonso nchimodzimodzi, koma kuti pansi pake palibe nthaka yogwerapo.

Pa nkhani ziwirizi titengepo malangizo awiri oti muwauze ana, ndipo musawasokoneze. M'boti laling'ono, mwana akhale pansi pomwe amuika, asaimirire, ndipo ana asathamangire mbali imodzi kukaona nsomba kapena mvuu. Boti likagubuduzika koma liri kuyandama, aligwiritse, asayese kusambira kunka kumtunda, pakuti mtunda umaoneka pafupi pamene uli patali. Koma m'sitima yaikulu ya zipinda, ikayamba kupendekeka kapena madzi akayamba kulowa, malo a mwana ndi pamwamba, pabwalo, pamene thambo lioneka, atabvala jekete yake. Timaphunzitsa ana athu kumvera akulu, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma auzeninso kuti m'chipinda cha sitima yomira sadikiramo munthu.

MATENDA A PAULENDO

Ngozi za sitima zimamveka patali, koma sizichitika tsiku ndi tsiku. Chimene chimagwira ana kawiri-kawiri ndi matenda, ndipo ena amadza nao kumudzi osadziwa.

Loyamba ndi bvuto la chizungulire ndi nseru. Mwana wosazolowera mafunde amasanza. Sikulodzedwa, ndipo kumatha akatsika. Akhale pakati pa boti, pomwe pali mphepo yabwino, kutali ndi utsi wa injini, aziyang'ana phiri kapena mtunda wakutali, ndipo azimwa madzi pang'ono-pang'ono. Asatsamire kunja kwa boti posanza popanda munthu womgwira, chifukwa ambiri amagwa m'madzi mwa njira imeneyo.

Chachiwiri ndi malungo. Ku Cape Maclear kuli manda a amishoni a ku Scotland amene anafika kumeneko mu 1875. Malungo anawasautsa kufikira anasamukira ku Bandawe mu 1881. Udzudzu wa m'mbali mwa nyanja ukalipobe. Mwana ali yense atenge neti yake, ngakhale ulendo uli wa usiku umodzi. Mwana amene watentha thupi tsiku lonyamuka asakwere basi chifukwa choti ndalama zaperekedwa kale. Apite kuchipatala akayezedwe magazi. Ndipo akabwera, mukaona kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya m'thupi patapita sabata imodzi kapena ziwiri, musachedwe ndi mankhwala ogula pa okala. Pitani naye ku chipatala cha Mwanza, kapena ku Thambani, ku Kunenekude, ku Tulonkhondo, chimene chiri pafupi ndi inu, ndipo muwauze adokotala kuti mwanayu anali kunyanja.

Chachitatu ndi likodzo. Kachirombo kake kamakulira m'nkhono zazing'ono za m'madzi, makamaka pamene madzi ali odikha, pali bango ndi udzu, ndi pamene anthu amachapa ndi kusamba. Kamalowa pakhungu munthu ali kusamba, osamva kanthu. Madera ena a kummwera kwa nyanja, kuphatikizapo Cape Maclear, ndi odziwika ndi nthenda imeneyi. Zizindikiro zimachedwa: patapita masabata angapo kapena miyezi, mwana amva kuwawa pokodza ndipo mkodzo umatuluka ndi magazi. Pali ena amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Zabodza zimenezo. Ndi nthenda, ndipo ikakhalitsa imaononga chikhodzodzo ndi impso, ingathenso kubvulaza ziwalo zoberekera za anyamata ndi atsikana omwe. Mankhwala ake alipo, dzina lake praziquantel, omwe aja amagawidwa m'sukulu. Ana amachita manyazi kunena za mkodzo, motero amalume afunse anyamata, azakhali kapena agogo afunse atsikana.

Chachinai ndi kutsegula m'mimba ndi kolera. Simunaiwale mliri umene unayamba mu March 2022 ndi kupitirira mu 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anabvutika kwambiri. Madzi a m'nyanja amaoneka oyera, koma mwana asamwe osawiritsa kapena osathira mankhwala. Kolera ingathe kutha madzi m'thupi la mwana m'maola ochepa, motero aphunzitsi anyamule mapaketi a Thanzi. Ngati palibe, atenge lita imodzi ya madzi owiritsa, athiremo masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, azimmwetsa wodwalayo kosalekeza ali pa njira yopita kuchipatala. Asadikire kuti kuche.

Chachisanu ndi matenda amene mwana ali nao kale, ndipo apa ndilankhula ndi inu makolo mwaulemu. Pali ana a khunyu, a mphumu, a nthenda ya shuga, ndi ena amene amamwa ma ARV tsiku ndi tsiku. Makolo ambiri amabisa, poopa kuti mwana amsiya kapena anzake amseka. Koma taganizani: mwana wa khunyu akagwa pamtunda amadzuka, akagwa ali m'madzi ofika m'chiuno mokha angathe kumira anzake ali kuseka pafupi, osadziwa. Muuzeni mphunzitsi mmodzi amene mumamkhulupirira, ndipo iye asunge chinsinsicho monga munthu wamkulu. Mankhwala akhale okwanira masiku a ulendo ndi ena apadera, omangidwa m'pepala la pulasitiki kuti asanyowe, ndipo akhale pathupi, osati m'chikwama chimene chakwezedwa padenga la basi. Mwana akagwa khunyu, mumchotse pafupi ndi madzi kapena moto, mumgoneke cham'mbali, ndipo musamlowetse supuni kapena chala m'kamwa. Khunyu sapatsirana pomgwira munthu.

Musaiwalenso eni madzi. Ng'ona ndi mvuu zimakonda kumathiriro a mitsinje ndi m'mabango, makamaka mbandakucha ndi chisisira. Mu May 2023 mvuu inagubuduza bwato lodzaza anthu pa Shire m'boma la Nsanje, ndipo anthu ambiri anamira. Ana asambe masana okha, pamalo pamene eni mudzi aloza.

MUNTHU AKAGWA M'MADZI

Tsono mverani bwino gawo ili, chifukwa lingakuthandizeni ngakhale pa dziwe la kwanu kapena pa mtsinje wodzaza nthawi ya dzinja.

Munthu womira kawiri-kawiri saitana. Pakamwa pake pali kulimbana ndi mpweya, ndipo amangoti mutu bvuu, nalowanso, manja ali kumenya madzi. Chifukwa chake ana akamasamba payenera kukhala munthu wamkulu woima pamtunda amene nchito yake ndi kuyang'ana basi, osacheza, osayang'ana lamya.

Mukamuona, itanani anthu, koma musadumphiremo ngati simunaphunzire kupulumutsa munthu. Womira amagwira ndi mphamvu yoopsa, ndipo maliro ambiri a m'madzi amakhala awiri: wogwa ndi womtsatira. Mpatseni nsungwi, nkhafi kapena nsalu, inu mutagona pansi kapena mutagwira chinthu cholimba. Ngati ali patali, mponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chomangidwa chingwe ngati chiripo. Chigubu cha malita 20 chimayandamitsa munthu wamkulu.

Mukamtulutsa, musamzondotse mutu pansi, ndipo musamponde kapena kumfinya pamimba kuti madzi atuluke. Kutero ndi kutaya nthawi, ndiponso zam'mimba zingalowe m'mapapo. Chimene asowa ndi mpweya. Onani ngati ali kupuma. Ngati ali kupuma, mgonekeni cham'mbali, mbvuleni zonyowa, mfunditseni. Ngati sali kupuma, mgonekeni chagada pamalo olimba, mukweze chibwano chake kuti mutu upendekere kumbuyo, mumtsine mphuno, ndipo muuzire mpweya m'kamwa mwake kasanu, muli kuona kuti chifuwa chiri kukwera. Pamenepo ikani manja pakati pa chifuwa ndi kudinikiza mwamphamvu ndi mofulumira ka 30, muuzirenso kawiri, mudinikizenso ka 30. Pitirizani chotero, mukulandizana ndi mnzanu, kufikira ayambe kupuma kapena achipatala afike. Ndipo ngakhale atatsitsimuka nayamba kulankhula, apite ndithu kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa madzi amene analowa m'mapapo angathe kumbvuta usiku.

Zimenezi kumva pa wailesi sikukwanira, zifunika kuyesezera ndi manja. A Red Cross ndi alangizi a zaumoyo amaphunzitsa chithandizo choyamba. Mafumu, apempheni adze m'midzi mwanu.

MAFUNSO OFUNSA MUSANABVOMERE

Safunsa anadya phula. Kalata ija ikafika, pitani ku sukulu, kapena mutume a komiti ya sukulu, mukafunse mafunso awa. Mphunzitsi wabwino sakwiya nao, amakondwa kuti makolo ali kumthandiza kusenza katundu.

1. Kodi ana adzakwera boti? Ngati adzakwera, ndi la yani, ndipo linalembedwa ndi kuyesedwa ndi a Boma oona za maulendo a pamadzi monga malamulo afunira? Limaloledwa kunyamula anthu angati? Ana akachuluka, boti liyende kawiri. Mafuta a ulendo wachiwiri ndi otsika mtengo kuposa bokosi limodzi la maliro.

2. Kodi majekete oyandamitsa alipo okwanira mwana ali yense, ndipo ndi a msinkhu wa ana? Jekete yaikulu imabvuka mwana akagwa m'madzi. Ibvalidwe ndi kumangidwa boti lisananyamuke. Jekete yokhalira kapena yosungidwa pansi pa katundu siipulumutsa munthu.

3. Akulu opita ndi angati, ndipo mwa iwo alipo amai oyang'anira atsikana? Mphunzitsi mmodzi sangathe kuyang'ana ana 60 pamadzi. Ana agawidwe m'timagulu, kagulu kali konse ndi mkulu wake, ndipo mwana ali yense akhale ndi mnzake woyenda naye. Mitu iwerengedwe pokwera ndi potsika, polowa m'madzi ndi potuluka.

4. Ndani mwa akuluwo anaphunzira chithandizo choyamba, ndipo m'bokosi la mankhwala muli chiani?

5. Ana adzagona kuti, adzamwa madzi otani, ndipo chipatala chapafupi ndi malowo chiri kuti? Usiku mwana akadwala, galimoto idzakhalapo?

6. Mwera ukaomba, adzachita chiani? Yankho loyenera ndi lakuti ana adzaphunzira ali pamtunda, ngakhale ndalama za boti zitaperekedwa kale. Ndipo pasakhale ulendo wa pamadzi usiku, kapena ndi woyendetsa amene wamwa mowa.

7. Maina a ana onse, maina a makolo ndi manambala a lamya alembedwa? Pano kumbukirani Concordia ndi nambala yake yakale ija. Nambala iri yonse iyesedwe tsiku lisanafike. Pepala limodzi lipite ndi aphunzitsi, lina litsale kwa mphunzitsi wamkulu, lina kwa mfumu.

MAU KWA MAFUMU

Zikomo mafumu, gawo lotsiriza ndi lanu. Kholo limodzi likafunsa mafunso amenewa lokha, ena amati ndi lobvuta, ndipo limachita manyazi nkukhala chete. Koma mfumu ikaitana makolo, a komiti ndi aphunzitsi pabwalo nifunsa m'malo mwa onse, palibe wochita manyazi. Chitani msonkhano umenewu sabata ziwiri ulendo usanachitike, kuti ngati pali chosowa nthawi yokonza ikhalepo. Ngati ndalama za majekete kapena za boti lachiwiri zaperewera, mudzi umene umatha kusonkha za maliro ungathenso kusonkha kuti maliro asachitike.

Sankhani makolo awiri kapena atatu okhwima maganizo, osamwa mowa paulendo, kuti apite ndi ana. Kumbukiraninso ana amasiye ndi amene makolo ao ali ku Joni kapena ku Tete. Kalata yao amadinda ndi agogo amene mwina sangathe kuiwerenga, ndipo palibe wowafunsira za neti kapena za mankhwala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nduna yanu ipite kunyumba zimenezo.

Ana akabwera, nchito siinathe. Mfumu iuze mlangizi wa zaumoyo kuti ana akuti-akuti anali kunyanja, kuti aziwayang'ana pa malungo m'masabata oyamba ndi pa likodzo m'miyezi yotsatira. Ndipo muwaitane anawo pabwalo asimbe zimene anaona. Ngati panali chobvuta, kaya boti linadzaza, kaya majekete anaperewera, chinenedwe poyera, osati pofuna kupeza wolakwa, koma kuti ulendo wa chaka chamawa ukonzeke bwino. Madzi akatayika saoleka, koma mtsuko ukali pamutu munthu angathe kukonza nkhata.

Inu amai ndi abambo, usiku woti mawa lake anyamuka, khalani naye pansi mwana wanu. Muuzeni zinthu zinai zoti asaiwale: asakwere boti popanda jekete, asalowe m'madzi popanda wamkulu woyang'ana, asamwe madzi a m'nyanja, ndipo akamva kudwala anene msanga. Mukatero mpatseni kamba wake, apite akaone nyanja ya dziko lake, ndipo pobwera akusimbireni.